Telala wa ku Kampu ndi Mafomu Opanda Dzina

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi a Telala ankasoka mayunifolomu m'kampu ya asilikali, koma usilikali sanaulawepo ngakhale tsiku limodzi. Anali m'gulu la anthu wamba olembedwa ntchito m'kati mwa mpanda: ophika, ochapa, amakaniko, akalaliki. Kampu singayende tsiku limodzi popanda anthu amenewa, koma likafika tsiku la perete amauzidwa kuti akaime kuseri kwa galaja, asaoneke pa chithunzi. Asilikali ankawatcha masiviliyani, ndipo mawuwo ankawatchula ngati munthu amene akulavula kanthu kamene kamutsalira m'mano.

Chipinda chawo chogwiriramo ntchito chinali kuseri kwa sitolo ya katundu, chachitali koma chopanikiza, chawindo limodzi. Munali makina osokera awiri, ena amoyo, ena akufa kalekale amene ankangoikapo kapu ya tiyi. Kukhoma kunali misomali yondondozana, ndipo pa msomali uliwonse pankalendewera mapatani, ndiye kuti mapepala olimba odulidwa ngati mkono wa malaya, kolala kapena mwendo wa thalauza, amene telala amayala pansalu n'kulemba ndi choko asanadule.

Matenda a a Telala anali amodzi: kufuna kudziwa. Ankafuna kudziwa chifukwa chimene thumba la kumanzere limang'ambikira msanga kuposa la kumanja, ndipo anafunsa asilikali ambirimbiri mpaka anapeza kuti ndimo ankaikamo makiyi. Chiuno cha munthu aliyense m'kampumo ankachidziwa. Msilikali akatsala pang'ono kukwezedwa, iwo ankadziwiratu kalata isanafike, poti mimba ndiyo imayamba kukwera udindo. Ankadziwanso malembedwe a anthu. Lamulo linali lakuti chovala chilichonse chobwera kudzasokedwa chizibwera ndi kapepala kolembedwa ndi mwini wake: nambala, udindo, dzina. Timapepala totere anatiwerenga zaka zonsezo, moti dzanja la munthu ankalizindikira monga mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake pakati pa ana ambiri.

Nyumba za anthu wamba ndi za asilikali a maudindo apansi zinali kunja kwa mpanda wawaya, kumalaini. Chipatala, sukulu ya ana ndi malo onse a ntchito zinali m'kati. Kale panali kageti kakang'ono kolumikiza mbali ziwirizi, mphindi zitatu munthu wafika. Tsiku lina kunabwera mkulu wina kudzayendera, anakayang'ana kagetiko, n'kunena kuti kakufooketsa chitetezo. Madzulo ake kanali ndi loko. Mkuluyo anakwera galimoto yake ndipo sanabwerenso, koma loko uja anatsala zaka zisanu ndi zinayi. Kuyambira pamenepo aliyense wa kumalaini ankazungulira mumsewu waukulu, ulendo wa mphindi makumi anayi, kukalowera ku geti lalikulu.

Akazi awo a a Telala anali ndi vuto la miyendo yotupa, ndipo ankayenera kupita kuchipatala kawiri pamwezi. Chipatalacho ankachiona pawaya ali pakhonde la nyumba yawo, mpaka ankatha kuzindikira namwino amene ali pantchito. Koma kuti akafike, ankayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, malole akuwathira fumbi, akupuma katatu panjira.

Zaka zisanu zapitazo likulu linatumiza kafukufuku. Akuti ankafuna kumva maganizo a asilikali ndi anthu wamba omwe pa za ntchito, atsogoleri, nyumba ndi zina zotero. Fomu yake inali ya masamba anayi. Funso lililonse linali ndi timabokosi tisanu, kuyambira pa "ndikuvomereza kwambiri" mpaka pa "ndikukana kwambiri". Pamwamba panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti MUSALEMBE DZINA LANU.

A Telala anasiya makina n'kukaima pawindo la holo yodyera kuti aone mmene asilikali ayankhire. Anawalowetsa pamzere. Kutsogolo kunaima sajeni wina wa mawu ngati bingu, amene aliyense ankamutcha Mkokomo.

"Funso loyamba!" anakuwa Mkokomo. "Kodi atsogoleri anu amakumverani? Alipo amene akukana?"

M'holo munali zii.

"Chongani! Funso lachiwiri!"

Manja mazana awiri anatsika nthawi imodzi. Amene analemba mafunsowo kulikulu ayenera kuti anali ophunzira kwambiri, koma sanadziwe chinthu chapafupi: munthu amene waphunzitsidwa zaka khumi kuti yankho ndi "inde bwana", ngakhale umupatse timabokosi tisanu amaona kamodzi. Patsamba lomaliza pokha, pamene panalembedwa kuti "lembani china chilichonse chimene chili kumtima kwanu", Mkokomo anakanda mutu, nati, "Apa aliyense aone yekha. Mphindi zisanu!" Kenaka naye anakhala pansi n'kuwerama.

Anthu wamba anapatsidwa mafomu awo pomalizira, m'galaja, akulembera pa maboneti a galimoto. A Telala anatenga nthawi. Patsamba lomalizalo analemba za kageti, za miyendo ya akazi awo, ndi za mphindi zitatu zimene zinasanduka makumi anayi, m'zilembo zoongoka zimene anaphunzitsidwa ali mwana. Atatero anadikira. Chaka chinatha, chachiwiri chinatha. Anadziuza kuti akuluakulu anawerenga n'kukana. Zinawawawa, komabe munthu akakukana ndiye kuti wakumva, ndipo iwo ankadzitonthoza ndi zimenezo.

Chaka chatha makatoni odulira mapatani anatha, ndipo a Telala anapita kwa kopolo woyang'anira sitolo.

"Amalume, makatoni ndiwatenga kuti ine?" anatero kopoloyo. "Koma kuli mapepala ena uko, atiuza kuti tiwotche. Mukawamata atatuatatu ndi guluu alimba kuposa katoni. Tengani onse, mundichepetsere utsi."

Anawakankha pawilibala mpaka kuchipinda kwawo. Atamasula chingwe choyamba, maso awo anagwera pa zilembo zikuluzikulu zija: MUSALEMBE DZINA LANU. Anakhala pansi. Anali mafomu onse a kafukufuku uja, 412, omangidwa bwinobwino, osatsegulidwa ndi munthu.

Mtima unawapsa, koma kufuna kudziwa kunaposa mkwiyo. Tsiku lotsatira anakapeza a Kalaliki a mu ofesi yotumiza makalata, munthu wamba mnzawo amene anakalambira limodzi m'kampumo.

"Achimwene, mafomu aja a kafukufuku sanapite bwanji?"

A Kalaliki sanachite manyazi ngakhale pang'ono. "Akanapita bwanji? Analibe nambala, analibe udindo, analibe dzina. Inu mwakhala muno zaka zingati? Pepala lopanda dzina silituluka m'kampu. Ndikanalemba chiyani m'kaundula, kuti lachokera kwa mzukwa?"

"Komatu pamwamba pake analemba kuti tisalembe maina."

"Amenewo ndi a kulikulu. Lamulo la ofesi yanga silinasinthidwe. Ndinapita nawo kwa a Kaputeni, iwo analemba kuti asungidwe mpaka eni ake adzasaine. Ine ndinasunga. Ndalakwa pati?"

Sanalakwe paliponse, ndipo choputa mkwiyo n'chimenecho. Anthu mazana anayi anatsegula pakamwa, ndipo amene anawatseka si mdani kapena munthu wankhanza, koma anthu awiri omvera malamulo. Kaputeni uja tsopano anali atakwezedwa, anali a Meja, woyang'anira ogwira ntchito onse a m'kampumo.

Kwa miyezi itatu a Telala ankawerenga mafomuwo pa nthawi ya chakudya cha masana, chitseko atatseka. Masamba atatu oyamba anali ofanana ngati mabatani a fakitale imodzi. Tsamba lomaliza ndilo linali ndi anthu. Wina analemba kuti nsapato zimene amapatsidwa zimabwera zonse za saizi imodzi. Wina anafunsa chifukwa chimene belu la m'mawa limalirabe pamene aliyense ali ndi wotchi. Wophika wina analemba kuti wakhala zaka makumi awiri akuphikira anthu amene sadziwa nkhope yake. A Telala ankazindikira dzanja lililonse, ndipo ankadabwa. Anthu amene ankawayeza ziuno chaka ndi chaka, n'kumaganiza kuti m'mutu mwawo muli perete yekhayekha, anali ndi zinthu zowasowetsa tulo.

Chimene chinawaimitsa mutu n'chakuti za kageti sanalembe okha. Anayamba kuika pambali mafomu otchula kagetiko, ndipo mulu unakula mpaka unafika makumi asanu ndi limodzi kudza atatu. Pakati pake panali dzanja lolemera, lodinda pepala mpaka kuboola, limene sakanalisokoneza ndi lina. Mkokomo, yemwe uja ankawabweza pa geti lalikulu akaiwala chiphaso, analemba kuti ana ake awiri amayenda m'mbali mwa malole popita kusukulu, ndipo m'mawa uliwonse mtima wake sukhala m'malo mpaka belu la sukulu litalira. Aliyense wa anthu amenewa ankaganiza kuti akudandaula yekha.

Mapatani ankafunikabe, choncho anamata ndi kudula. Koma mafomu a kageti anawamata tsamba lomaliza likuyang'ana kunja, kuti mawu azioneka. Fomu yawoyawo anaidula kolala. Sanauze munthu aliyense kupatula akazi awo.

"Abambo, zimenezo zithere m'chipinda chanu chomwecho," anatero mayiwo. "Kalata yanu ili pa tebulo la ndani?"

Funsolo linali loona. A Telala anali atakwanitsa zaka zopumira pantchito, ndipo anali atalemba kalata yopempha kuti awaonjezere zaka ziwiri. Ntchito ikatha, nyumba ya kumalaini inkayenera kubwezedwa pasanathe mwezi, ndipo chipatala cha m'kampu, ngakhale chinali chozungulira, chinali chokhacho chimene mayiwo akanatha kufikako wapansi. Kalatayo inali pa tebulo la a Meja, ikudikira dzanja lawo.

Ili pamenepo, kafukufuku wina anafika. Ulendo uno anabwera ndi mayi wina wa kulikulu, wovala wamba, wa nsapato zafulati ndi chikwama chachikulu. Mayiyu anakana zoti sajeni aziwerengera anthu mafunso, ndipo anthu wamba ankawapititsira mafomu yekha kumalo awo a ntchito. Lachitatu m'mawa analowa m'chipinda cha a Telala. A Meja anali pambuyo pake, poti analamulidwa kumuperekeza, ndiponso jekete lawo la perete linali pomwepo likudikira kuyezedwa.

"Madala, lembani msanga, mayiwa ali ndi malo ambiri oti afike," anatero a Meja, akuvula chipewa.

A Telala analandira fomuyo ndi manja awiri, naitembenuza uku ndi uku. Anali atalonjeza kunyumba kuti achonga n'kukhala chete. Koma funso linatuluka lokha, monga mafunso awo onse ankatulukira.

"Pepani amayi, ndingofuna kudziwa. Mapepala amenewa akachoka m'manja mwathu amapita kuti?"

"Ndiwasiya mu ofesi ya makalata, iwo atumiza kulikulu sabata yamawa," anayankha mayiyo. "Kumeneko timawawerenga onse, limodzilimodzi. Ndiye chonde lembani, bambo. Ulendo watha kampu ino sinatumize ngakhale fomu imodzi. Mu lipoti tinalemba kuti anthu a kuno alibe chidwi chopereka maganizo awo."

"Alibe chidwi," anabwereza a Telala pang'onopang'ono.

"Ndi mmene tinaonera."

A Telala anayang'ana jekete la a Meja limene linali patebulo. Anaganiza za kalata yawo, za khonde la nyumba yawo, za akazi awo atakhala pamwala m'mbali mwa msewu akupuma. Anaganizanso za Mkokomo atawerama m'holo muja, akuboola pepala ndi cholembera. Zoti anakanidwa akanatha kupita nazo kumanda. Koma zoti m'buku lina kulikulu munalembedwa kuti iwo, ndi wophika uja, ndi anthu mazana anayi, analibe chonena, zinawakanika kumeza.

Anadzuka, nayamba kutsitsa mapatani kukhoma, msomali ndi msomali, n'kumawayala patebulo pamwamba pa jekete lija.

"Chidwi chathu ndi ichi, amayi. Uwu ndi mkono wa malaya, saizi yapakati. Werengani. Uwu ndi mwendo wa thalauza. Iyi ndi kolala, ndi yanga imeneyi, ndiyo yokha ndingakuuzeni mwini wake."

Mayiyo anatola kolalayo, naiwerenga mozungulira mmene inadulidwira. Anatola mkono, kenaka thumba. Atatero anafunsa kuti mapepalawo anafika bwanji pamenepo, ndipo a Telala anafotokoza zonse: wilibala, kaundula wa a Kalaliki, ndi mawu akuti asungidwe mpaka eni ake adzasaine.

"Analamula zimenezo ndani?"

A Telala anangoyang'ana pansi. A Meja anakonza kukhosi.

"Mapepala odutsa pa tebulo langa ndi ambiri, mayi," anatero. Kenaka anatembenukira kwa a Telala, mawu atatsika. "Madala, mukudziwa kuti kusunga zikalata za kampu popanda chilolezo ndi mlandu?"

"Anandipatsa ngati zinyalala zokawotcha, bwana. Ine ndinangozipatsa ntchito." Anafufuza pamuluwo natulutsa patani imodzi yaikulu. "Iyi ndi ya msana wa jekete lanu lomweli. Ndinasankha dala pepala lake. Ndakhala ndikufuna kudziwa, bwana, kuti amene analemba apa ankatanthauza chiyani."

A Meja anailandira. Pakati pa msanawo panali mzere umodzi wokha, wa zilembo zopendekera kumanja, dzanja la a Meja eni ake: "Ndikudziwa kuti palibe amene adzawerenge zimenezi." Anauyang'ana nthawi yaitali, khutu likufiira, kenaka anaika pataniyo pansi mosamala, natenga chipewa chawo.

"Jekete ndidzayeza tsiku lina," anatero, natuluka.

Mayi uja sanasiye fomu ngakhale imodzi mu ofesi ya makalata. Lachisanu anaimika galimoto yake pakhomo pa holo, ndipo aliyense ankaponya yekha fomu yake m'katoni imene inali pampando wakumbuyo. Anatenganso mapatani onse a kageti, atawalembera a Telala kapepala kosonyeza kuti walandira. A Kalaliki anaima pakhonde akupukusa mutu, akuti zinthu zikutuluka m'kampu osalowa m'kaundula.

Nkhani inawanda kumalaini tsiku lomwelo. Loweruka masana Mkokomo anatulukira m'chipinda cha a Telala atanyamula thalauza losang'ambika paliponse.

"Madala, akuti munawerenga zonse?"

"Zonse, a Sajeni."

"Ndiye kuti mukudziwa amene analemba chakuti?"

"Ine ndimadziwa ziuno zokha."

Mkokomo anaseka mpaka windo linanjenjemera, kenaka anakhala pa makina akufa aja. "Tinalipo angati a kageti?"

"Makumi asanu ndi limodzi kudza atatu."

"Ha! Ine n'kumayesa ndine ndekha wamantha." Anaika thalauza lija patebulo. "Koma inuyo mwadziwotcha, mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

Kunyumba akazi awo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye mwadziwa zimene mumafuna kudziwazo?" Kenaka anayamba kufunsa achemwali awo ngati kuseri kwa nyumba yawo kukadali chipinda chopanda munthu.

Yankho la kalata linabwera patatha milungu isanu ndi umodzi. Linali la mizere iwiri: pempho silinavomerezedwe chifukwa cha msinkhu. Mmunsi munali chidindo ndi kasaini kokhotakhota kopanda dzina, koti munthu wina aliyense sakanakawerenga. A Telala anangoona mmene kanapendekera kumanja. Anadabwa kuti pepala lopanda dzina lija likutha kutuluka mu ofesi bwinobwino likakhala lochotsa munthu. Pali ena amene mpaka lero amati zinangochitika, zaka zinali zitakwana basi. Anthu omwewo sanena kuti makaniko wamkulu, amene anabadwa chaka chimodzi ndi a Telala, anamuonjezera zaka zitatu mwezi womwewo.

Sabata yosamuka, kulikulu kunachokera kalata ina yolamula kuti kageti ka kumalaini katsegulidwe kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo paikidwe mlonda. Kiyi wa loko uja anasowa, poti amene anamusunga anapuma kalekale. Mkokomo anabwera ndi nyundo, namenya kawiri.

M'mawa umenewo a Telala anali atapita kukatenga zinthu zawo m'chipinda chosokera: sizasi, tepi, kapu ya tiyi. Makina anali a kampu, anatsala. Akazi awo anali ndi tsiku lawo lomaliza kuchipatalako, ndipo anali atayamba kale kumanga nsapato za ulendo wozungulira pamene anamva kulira kwa nyundo. Anatsika pakhonde, nayenda pang'onopang'ono kulunjika pawaya. Mlonda watsopanoyo anatambasula dzanja kufuna chiphaso, koma Mkokomo anamuyang'ana kamodzi kokha, dzanjalo linabwerera.

A Telala anachingamira akazi awo mbali ya m'kati, wotchi ili m'manja. Anali akufuna kudziwa.

"Mphindi zingati?" anafunsa mayiwo atafika pakhomo la chipatala.

"Zisanu ndi ziwiri. Ndinalemba zitatu pa fomu paja."

"Zitatuzo munalemba za miyendo yanu, osati yanga," anatero mayiwo, nalowa kukakhala pamzere.